Kuomba M'manja Sikufolera Nyumba



Pa msonkhano wa mwezi wathawu panatuluka nkhani imene tifuna kuibwereza muno, pakuti ambiri a inu munali ku madimba ndipo simunaimve. Mamembala ena anapempha kuti nthambi ikonze tsiku lothokoza mlangizi wathu wa zaumoyo chifukwa cha nchito imene anaigwira m'zaka za mliri. Anati pakhale chimtali ndi mganda, ana a sukulu aimbe, a Wapampando alankhule, ndipo potsiriza mlangiziyo apatsidwe mbuzi. Tonse tinaomba m'manja, ndi ife tomwe. Koma agogo ena, amene sakonda kulankhula pa gulu, anadzuka ndi ndodo yao nafunsa kuti mbuziyo akaimangirira kuti, popeza nyumba imene mlangizi akhalamo mvula ikagwa achita kutchera mabeseni pakama, ndipo kwamveka kuti wapempha kale kuti amsamutsire kwina. Anthu anangoti zii. Ife tiyesa kuti agogo amenewa ndiwo ananena za nzeru tsiku lija, ndipo tifuna kufotokoza chifukwa chake.

Poyamba tikumbutsane kuti mlangizi wa zaumoyo ndani, pakuti ana athu angomdziwa ngati adokotala a pa sikelo. Nchito imeneyi siinayambe dzulo. M'zaka za m'ma 1960 kunali anthu oyenda m'midzi kutemera katemera wa nthomba. Akuluakulu ambiri akali nacho chipsera pa mkono, ndipo nthombayo inatheratu pa dziko lonse, monga analengezera a bungwe la WHO m'chaka cha 1980. Kolera atalowa m'dziko muno mu 1973, Boma linafunanso anthu otere oti aziyendera zitsime ndi zimbudzi ndi kunena msanga kumene nthenda yabuka. Amenewo ndiwo makolo a alangizi a lerowa. Chotero nchitoyi inabadwira mu mliri. Kuyambira m'chaka cha 2008 anawasenzetsanso katundu wina, ndiye kachipatala ka m'mudzi m'madera a kutali ndi chipatala, kumene mlangizi apima ndi kupereka mankhwala kwa ana osakwana zaka zisanu odwala malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Onjezani katemera wa ana, jekeseni ya kulera, kulemba obadwa ndi omwalira, kutsata odwala chifuwa chachikulu kuti asaleke mankhwala. Malamulo a Unduna wa Zaumoyo afuna kuti mlangizi mmodzi aziyang'anira anthu 1,000, koma inu muwerenge nokha midzi imene wathuyu aiyendera. Ndipo ambiri a iwo anayamba nchito yonseyi ataphunzira masabata 12 okha. Ife amene tinapatsidwa zaka ziwiri za maphunziro a uphunzitsi timadandaula nthawi zina kuti zinatichepera, chonsecho tikalakwitsa samusu pa bolodi safa munthu.

Tsono unafika mliri. Nthenda ya Covid-19 inamveka koyamba mu mzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019, ndipo ambiri a ife tinaiyesa nthenda ya okwera ndege. Pa 20 Malichi 2020 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Peter Mutharika, analengeza kuti dziko liri pa ngozi. Misonkhano ya anthu oposa 100 inaletsedwa, ndipo pa 23 Malichi sukulu zonse zinatsekedwa. Pa 2 Epulo anapezeka odwala atatu oyamba ku Lilongwe. Boma linafuna kuika m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma Bwalo Lalikulu la milandu linaletsa, anthu atadandaula kuti munthu wodya zimene wapeza tsiku lomwelo sangabindikire m'nyumba masabata atatu. Mwezi womwewo anamwino ndi madokotala a m'zipatala zazikulu ananyanyala nchito chifukwa chosowa zobvala zodzitetezera, nafunanso ndalama za ukadziotche. Sitiwadzudzula iai, anali ndi mlandu womveka. Koma dzifunseni: ngati a ku chipatala cha Queen Elizabeth, pakati pa mzinda wa Blantyre, analira kusowa masiki ndi magolovesi, nanga wa kumudzi, kumene mseu uthera, analandira chiani, ndipo chinamfika liti?

Ife aphunzitsi tinakhoma zitseko za makalasi ndi kukhala pakhomo mpaka Seputembala, malipiro tiri kulandira. Sitinena ichi monyada. Sikelo siinatsekedwe. Udzudzu sunamve kuti Pulezidenti walengeza za ngozi, ndipo amai oyembekezera sanaleke kuyembekezera.

Pa wailesi ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti tikhale motalikirana. Langizo labwino ndithu kwa kalaliki wa mu ofesi. Koma taonani nchito ya mlangizi m'mene iliri. Mwana akabwera ndi thupi lotentha, ayenera kumgwira chala, kumbaya, ndi kudonthezera magazi pa kachipangizo koyezera malungo asanampatse LA. Mwana akabwera akutsokomola, ayenera kumtukula malaya, kuwerama, ndi kuwerenga kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu, pakuti khanda la miyezi iwiri kufikira chaka likapuma ka 50 kapena kupitirira, kapena mwana wa chaka chimodzi kufikira zisanu akapuma ka 40 kapena kupitirira, chimenecho ndi chibayo, ndipo kuchedwa ndi maliro. Mwana woonda amkulunga kalamba pa mkono kuti aone ngati kafika pofiira, amtumize kukalandira chiponde. Kodi ndi iti mwa nchito zimenezi imene munthu angaigwire ataima patali? Mwana atsokomolera kumaso kwake, mai wake ali pomwepo, ndipo palibe adziwa ngati chifuwacho ndi cha masiku onse kapena ndi chatsopanochi. Wathuyu tinamuona masabata ambiri atabvala masiki ya nsalu yosoketsa kwa telala, imene ankaichapa madzulo ndi kuiyanika pa mpanda. Pakhomo pa kachipatala anaimika yekha mpondagiya, ndipo sopo akatha ankagula ndi ndalama za m'thumba mwake.

Pamwamba pa izo anampatsa nchito yatsopano. Pamene abale athu anayamba kubwerera kuchokera ku Joni m'mabasi, kudzera pa chipata cha Mwanza, ndipo mu Meyi 2020 mazana a iwo anathawa pa bwalo la Kamuzu Stadium kumene anawasunga podikira zotsatira za kupimidwa, anthu amenewo sanathawire kumwamba. Anapita kwao, ku midzi ngati yathu ino. Amene anatumidwa kukawafunafuna, kulemba maina a onse amene anakhudzana nao, ndi kuwapempha kuti akhale kaye pa okha masiku 14, ndiye mlangizi. Ganizani za kulowa pakhomo pamene mchona wangofika patapita zaka, nkhuku yaphedwa kale, achibale adzaza khonde, ndi kunena kuti asamkumbatire. Makolo athu anasimba kuti fuluwenza ya 1918 inalowa m'midzi momwemo, pamodzi ndi asilikari ndi atengatenga obwerera ku nkhondo ndi a nchito ochokera kummwera, koma masiku amenewo panalibe munthu woima pakhomo ndi kabuku.

Nthawi yoopsa koposa inali Januwale 2021. Pa 12 Januwale nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, a Lingson Belekanyama ndi a Sidik Mia, ndipo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Lazarus Chakwera, analengezanso kuti dziko liri pa ngozi. Zipatala zazikulu zinadzaza, mpweya wa okosijeni unasowa, anthu nasonkha ndalama zogulira masilinda. Za m'tauni zimenezi zinalembedwa m'manyuzi. Chimene sichinalembedwe ndi chakuti Januwale ndiye mwezi wa mvula, wa malungo ndi wa njala, pamene mitsinje idzaza ndipo njinga siiyenda m'matope. Anthu anayamba kuopa chipatala, nati ukapita ndi chifuwa akakutsekera ku tenti ndipo sukabwerako. Ambiri anabisa odwala m'nyumba, akuwafukiza masamba a bulugama ndi kuwamwetsa ndimu ndi jinja. Munthu yekha wa chipatala amene anthu analola kuti afike pakhomo, ngakhale monyinyirika, anali mlangizi, chifukwa amdziwa dzina, amwa naye madzi a pa mjigo umodzi.

Pano tiyenera kunena zimene sitikonda kukumbuka, pakuti nyuzi ya nthambi siikhala ya kuloza ena chala kokha. Ife tomwe tinamzunza munthu ameneyu. Alipo amene anauza ana ao kuti asasewere ndi ana ake. Alipo amene pa mjigo anadikira kuti achoke, natsuka mpini asanapope. M'matauni kunamveka kuti a nchito za chipatala ankakanizidwa kukwera minibasi ndipo ena eni nyumba anawaopseza kuwatulutsa. Ife tinapukusa mitu pomva zimenezo, koma zathu sizinali zosiyana kwenikweni. Choipitsitsa chinali pa maliro. Lamulo linati thupi la womwalira ndi nthendayi lisasambitsidwe mwa mwambo, lisagonekedwe m'nyumba, liikidwe msanga ndi anthu ochepa. Lamulolo sanalembe mlangizi, koma amene anaima kumanda ndi chigubu cha mankhwala a kolorini, pamaso pa anamfedwa ndi adzukulu, anali iyeyo. Ena anamnena kuti alandira ndalama pa mtembo uli wonse umene aulemba kuti ndi wa korona. M'maboma ena a nchito za umoyo anagendedwa ndi miyala pa nkhani yomweyi. Kuno sitinagende, koma pamene ankanenedwa, ndi angati a ife a m'nthambi amene tinadzuka kumuikira kumbuyo? Ife amene tilemba mau ano tinali pomwepo pa maliro ena, tinamva, ndipo tinayang'ana pansi. M'mawa mwake anatsegula sikelo monga mwa masiku onse, napima ana a anthu omwe aja.

Katemera anafika pa 5 Malichi 2021, wa AstraZeneca wokwanira kubaya ka 360,000, kudzera mu mgwirizano wa COVAX, ndipo pa 11 Malichi a Chakwera anabayitsa poyera ku Zomba. Mphekesera zinathamanga kuposa katemerayo: akuti ndi chizindikiro cha 666, akuti atseketsa kubereka, akuti wobayitsa sakwanitsa zaka ziwiri. Pa 19 Meyi Unduna unatentha poyera ku Lilongwe katemera wokwanira kubaya ka 19,610 amene anatha mphamvu, popeza anafika masiku ake atatsala ochepa, ndipo unachita chotero kuti anthu akhulupirire kuti sabayidwa woguga. Koma kumudzi munthu sakhulupirira za pa wailesi. Akhulupirira mkono wa munthu amene amdziwa. Alangizi anali m'gulu loyamba kubayidwa, ndipo wathuyu anayenda m'midzi akuonetsa mkono wake ngati umboni pa bwalo. Pali chinthu china chimene ambiri sanachidziwe. Kabotolo kamodzi ka katemera ameneyu kanali ka anthu khumi, ndipo kakatsegulidwa kayenera kutha m'maola asanu ndi limodzi, apo ayi katayidwe. Chotero mlangizi atapalasa njinga ndi bokosi lozizira kumbuyo, akapeza anthu atatu okha pansi pa mtengo, ankasowa chochita: atsegule ataye asanu ndi awiri, kapena abweze atatuwo, amene mwina sadzabweranso. Ndicho chifukwa chake munkamuona akulowa khomo ndi khomo ngati wopempha moto. Sanali kufuna ndalama ya pa mutu, monga ena ankanenera. Anali kufuna munthu wa khumi.

Za ndalama tingonena mwachidule, pakuti mukuzidziwa. Pa K6.2 biliyoni imene Boma linapatula kuti ilimbane ndi mliriwu, ofufuza za chuma cha Boma anapeza mu 2021 kuti gawo lina linaonongeka mosayenera, mwa zina pa maalawansi, ndipo nduna ina inachotsedwa pa mpando. Werengani nokha kuti ndi masiki angati, sopo angati, matayala a njinga angati.

Mliriwu unatenga anthu oposa 2,600 m'dziko muno mwa amene analembedwa, ndipo pa 5 Meyi 2023 a WHO ananena kuti suulinso ngozi ya dziko lonse. Kodi mlangizi anapuma? Mu Febuluwale 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, nthenda imene tinkayesa kuti inatha, ndipo alangizi anayendanso khomo ndi khomo maulendo angapo kudonthezera ana katemera m'kamwa. Mu Malichi chaka chomwecho kolera anabuka ku Machinga pambuyo pa madzi osefukira, nafalikira m'maboma onse, napha anthu oposa 1,700, mliri wa kolera woposa yonse imene dziko lino linaonapo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mapiri ndi milatho kummwera. Pa zonsezi munthu wothira kolorini m'zitsime, wosungunula Thanzi, wolemba odwala m'misasa anali yemweyo, pa njinga yomweyo.

Tsopano akuluakulu apeza mau okoma onena za anthu amenewa. Ati ndi opirira, ati ndi olimba mtima, ati ndi ngwazi. Zoonadi ali otero. Koma ife tiopa mau akuti kupirira, chifukwa tinawamva kale kwina. Mlimi wa fodya amuuza kuti apirire mtengo ukagwa ku okushoni. Mphunzitsi wa ana zana m'kalasi limodzi amuuza kuti apirire. Bulu akakhala wopirira, mwini wake amuonjezera thumba. Munthu akakuyamikira kupirira kwako kawirikawiri, yang'ana bwino ngati sali kufuna kuti usapemphe kanthu. Ndipo tisadzinamize kuti kupirirako sikunawadye. Alipo amene anadwala nthendayi, alipo amene anamwalira, alipo amene anagona miyezi pa khonde kuopa kupatsira ana ao, ndipo alipo amene anangotopa mu mtima, kotero kuti lero agwira nchito ngati munthu wosenza mtolo wa eni.

Nanga chinawalimbitsa nchiani? Ife tayang'ana m'midzi yoyandikana nafe, ndipo taona chinthu chimodzi. Kumene mlangizi akhala m'mudzi momwemo, kumene komiti ya zaumoyo ya m'mudzi iri ya moyo, kumene a mfumu anaimirira pa bwalo nati mau a munthu uyu ndi mau anga, kumeneko sikelo siinaime, ana sanadumphe katemera wa chikuku, ndipo odwala anatuluka m'nyumba. Koma kumene mlangizi akhala ku malo a malonda chifukwa m'mudzi mulibe nyumba, nachita kuyendera dera lake kawiri pa sabata mvula ikalola, kumeneko kachipatala kanali kotseka usiku umene mwana anakomoka ndi malungo. Anthu ake ndi amodzimodzi, maphunziro ndi amodzimodzi, malipiro ndi amodzimodzi. Chosiyana ndi denga, ndi anthu a pansi pa dengalo ndi oyandikana nalo. Kulimba kumene tiyamikako sikunali kwa mu mtima mwa munthu mmodzi kokha. Kunali ndi pomwe kunaponda. Mutu umodzi susenza denga, anatero akale, ndipo ife tasenzetsa mutu umodzi zaka zonsezi.

Ena adzati kumanga nyumba ya wa nchito ya Boma ndi udindo wa Boma, ndipo tikamanga tokha tizoloweretsa akuluakulu ulesi. Mau amenewa ali ndi mutu, ndipo sitiwataya. Nthambi yathu inakhazikitsidwa kuti munthu wa kumudzi asamangopempha ngati mlendo m'dziko lake lomwe. Chifukwa chake kalata ipite. Koma kalata iyenda pang'onopang'ono, mvula siidikira yankho, ndipo mlangizi akachoka sitidziwa kuti wina adzabwera liti. Midzi ina yadikira zaka. Amene adzanyamula mwana wotentha thupi usiku kuwoloka dambo si a ku likulu, ndife. Ndiponso pempho la anthu amene aunjika kale njerwa ndi mchenga limveka mosiyana ndi la anthu ongotambasula manja. Tinaona chomwecho pomanga chipinda cha Sitandade 8.

Ena adzatinso mliri unatha, tiri kudzibvutiranji? Tiwayankha ndi mbiri imene tafotokoza pamwambapa: nthomba, kolera, Edzi, korona, poliyo, koleranso. Palibe m'badwo umene unadutsa wopanda wake. Wotsatirawo sitiudziwa dzina, koma tidziwa amene adzatumidwa kukakumana nao.

Chotero komiti ya nthambi, itakhala pansi ndi a mfumu ndi komiti ya zaumoyo, yagwirizana izi. Tsiku lothokoza lidzachitika, koma lidzachitikira pakhomo pa nyumba yofoleredwa, osati pa bwalo la sukulu. Ndalama ya mbuzi ipite ku malata ndi misomali. Mudzi uli wonse uumbe njerwa zake mwezi uno dzuwa likali kuwala, ndipo a Msungichuma adzalemba poyera pa bolodi la ku sukulu amene wapereka ndi chimene chagulidwa, kuti ife amene tidzudzula za K6.2 biliyoni tisapezeke tadya za malata. Pambali pa nyumbayo pamangidwe kachipinda ka sikelo kokhala ndi chitseko chokhoma, kuti bokosi la mankhwala lichoke kuchipinda kogona kwa mlangizi ndipo amai asamapimitse ana pansi pa mtengo wa mango mvula ikugwa. Achinyamata a nthambi akumbe chimbudzi. Mlembi alemba kalata yopita kwa a Khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya dera, yopempha simenti, njinga yatsopano, ndi mlangizi wachiwiri wa midzi ya kutsidya kwa mtsinje. Kalatayo idzawerengedwa pa msonkhano isanatumizidwe, ndipo amene afuna kusainira kapena kudinda chala adzatero.

Pali chinanso chimene sichifuna ndalama. A Wapampando ndi amai awiri a komiti apita kukaonana ndi mlangizi sabata ino, kukampempha kuti ayambe waimitsa pempho lake losamuka mpaka mvula yoyamba, aone ngati tinena zoona. Akapepesenso m'dzina la nthambi chifukwa cha mau aja a kumanda. Amene adziwa mu mtima mwake kuti ananenako, aperekeze. Sitimtchula dzina muno.

Kuumba njerwa kuyamba Loweruka likudzali m'mamawa, pa chulu cha kuseri kwa mjigo. Bwerani ndi makasu, zidebe ndi zikombole. Amene ali ndi ngolo auze a Msungichuma pasanafike Lachisanu.

Mlembi wa Nthambi